Wodwala wa pa Khadi

9 Malichi

Okondedwa amake ana,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji inu ndi ana kumeneko? Nanga abambo anga, chifuwa chija chikuwapatsako mpata? Apongozi muwauze kuti mkamwini wawo akadali moyo. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sindimasuka. Foniyo ndi ya alamu, ndipo mukamalankhula amangoti chilili pambali panu ngati akudikira chenje. Kalatayi ndapatsira adalaivala a thiraki aja, pamodzi ndi kangachepe ndi nsapato za mnyamata wathu. Zikamukulira aikemo nsanza kutsogolo, phazi likula.

Nkhani ndi yakuti ntchito yomanga ija ndinasiya. Kunena zoona anandisiyitsa, poti munthu wotsimphina sangakwere makwerero ndi thumba la simenti. Musadandaule, ndinapeza ina. Ndikukolopa pa sukulu ina imene ili kuseri kwa chipatala cha matenda a maganizo. Pa sukulupo pamabwera manesi ndi achipatala ena amene ali kale pa ntchito, kudzaphunzira kaperekedwe ka mankhwala a matenda amenewa, kuti wodwala uyu apatsidwe ati, ochuluka bwanji, ndipo akayamba kumupweteka atani naye.

Tsono apa musaseke. Tsiku lina ndikukolopa mu kolido, mayi amene amaphunzitsa pamenepa, tonse timangowatchula kuti Aphunzitsi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti, "Bambo, mumatha kunama?"

Ndinati, "Pang'ono, mayi. Ndine wapabanja."

Anaseka n'kundiitanira mu ofesi. Akuti ophunzira sangayambire pa odwala enieni, ndiye amalemba anthu oti azichita ngati odwala. Amakupatsa khadi lolembapo za munthu wongopeka, iwe n'kuloweza. Umakhala m'kachipinda ka tebulo limodzi, mipando iwiri ndi bokosi la tishu. Khoma limodzi ndi galasi, kuseri kwake kumakhala Aphunzitsi akuonerera. Wophunzira amalowa, n'kukupatsa moni ngati sakukudziwa, n'kuyamba kufunsa.

Khadi langa ndi la bambo wina amene ntchito inamuthera. Sagona, sadya, anayamba kumwa mapiritsi koma akuti sakumuthandiza. Ine ndimangozolika n'kumayankha motsitsa mawu. Chinenero cha kuno ndimachithyolathyola, koma Aphunzitsi akuti n'chimene akufuna, poti odwala ambiri ndi obwera ngati ine. Taganizani, amake ana, kulipidwa chifukwa chokhala pansi n'kumadandaula. Alamu amachita zimenezi ulere.

Denga la kukhitchini musadikire ine. Mvula ikangosiya muitane mmisiri, koma malata mukagule nokha, musamutume.

Ndine mwamuna wanu.

20 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti ana ali bwino. Ine ndikadzuka ndimayenda.

Mwafunsa ngati kuchita ngati wodwala sikungandiitanire matenda. Ayi. Ndikatuluka m'kachipinda muja khadi ndimabweza kwa eni ake, ine n'kutenga mopu wanga.

Ntchitoyi yandiphunzitsa zambiri. Wophunzira amayenera kundifunsa ngati ndikumwa mankhwala ena, ngati ndimamwa mowa, ngati mapiritsiwo akundichititsa nseru kapena chizungulire. Amayenera kundiuza kuti mankhwalawa si ngati a mutu oti wamwa pano wachira pano, amatenga milungu kuti uyambe kumva kusintha, ndipo ukayamba kupeza bwino susiya wekha. Akaiwala chimodzi, Aphunzitsi amagogoda pa galasi ndi mphete yawo. Wophunzira akangomva kuti go, thukuta pamphumi.

Pali funso lina limene onse amaliopa. Amayenera kundifunsa mosabisa ngati ndinaganizapo zochotsa moyo wanga. Ambiri amalinena mothamanga, maso ali pa pepala, ngati munthu wolumpha ngalande. Pa khadi analemba kuti ndiziyankha kuti, "Ayi, ndili ndi ana." Ndikangotero amapuma, n'kuthamangira funso lina.

M'kalasimo muli nesi wina wachikulire, wa imvi za m'mbali, anzake anamupatsa dzina loti Achifatse. Iwo akafunsa funso amakhala chete kukudikira, mpaka nthawi kuwathera asanafike pa mankhwala. Masamu a milingo ya mankhwala ndiye amawavuta kwabasi. Ndimawapeza pa benchi ya mu kolido akuwerengera pa zala, ine n'kuwapempha kuti akweze mapazi ndikolope pansi pake.

Andipatsanso khadi lachiwiri, la bambo amene anasiya mapiritsi chifukwa anamuchotsa mphamvu za m'nyumba. Wophunzira wina wamwamuna anachita manyazi mpaka kugwetsa cholembera. Aphunzitsi anamuuza kuti, "Ukapanda kufunsa iwe, wodwala sanena. Angosiya mankhwala mwakachetechete, iwe udzamuona atabwera womangidwa manja." Musaope, ya khadi imeneyo si nkhani yanga.

Mnzanga wophika buledi amene ndinkagona naye chipinda chimodzi kulibenso. Anamugwira pa siteji ya basi chifukwa cha mapepala, ndipo anamubweza kwawo asanatenge ngakhale bulangete lake. Bedi lake langokhala. Chipinda ndikulipira ndekha, n'chifukwa chake mwaona kuti ndatumiza zochepa. Tulo ndiye tikubwera mwa apo ndi apo, mwina n'chifukwa chozolowera mkonono wake.

Chitupa changa chogwirira ntchito chili ku ofesi pamodzi ndi pasipoti, akuchikonzanso. Akuti ndisatuluke m'dziko muno chisanatuluke.

Zimene mwalemba za abambo sizinandisangalatse. Ngati ayamba kulavula magazi, musamvere zoti akukana. Mupeze galimoto muwatengere kuchipatala. Mbuzi imodzi igulitsidwe.

Ndine mwamuna wanu.

2 Juni

Amake ana,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi ana mwayambako kupepukidwa. Ine ndilipo.

Zikomo chifukwa cha zonse zimene munachita pa matenda ndi pa maliro a abambo. Alongo anga andiuza kuti ndinu amene munali nawo mpaka pomaliza, kuti munkawamwetsa madzi ndi supuni. Ntchito imeneyo inali yanga. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani.

Ndamva zimene anthu ankanena pamaliropo, kuti mwana wamwamuna mmodzi yekhayo wasankha ndalama. Musawayankhe. Ku ofesi ya zitupa ndinapita. Ndinaima pa mzere, ndinawaonetsa uthenga wa pa foni. Munthu wa pawindo anati pepani, koma mukatuluka chitupa chisanatuluke ndiye kuti simudzalowanso. Ndinaganiza za fizi ya mnyamata. Ndinakakhala pa benchi ya pa siteji, mabasi n'kumabwera n'kumapita. Kenako ndinapita kukakolopa.

Mawa lake linali tsiku la khadi. Sindinauze munthu aliyense za malirowo. Ndinakhala pa mpando uja, ophunzira n'kumalowa mmodzimmodzi, ine n'kumayankha kuti sindigona, sindidya, palibe chimene chikundikomera. Titamaliza, Aphunzitsi anatuluka kuseri kwa galasi n'kundigwira paphewa.

"Lero mwaposa masiku onse," anatero. "Ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira."

Ndinathokoza. Akuti pa mayeso a mu Ogasiti akufuna ineyo.

Zovala za abambo agawane alongo anga ndi amalume, ine sindikufunapo kanthu. Wailesi yokha muisunge.

Kodi anatchulako dzina langa? Ngati sanatchule musandinamize. Kapena ayi, lisiyeni funso limeneli.

Ndine mwamuna wanu.

14 Julayi

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ine tsopano ndili bwino, mtima wakhala pansi.

Ndatumiza zonse zimene ndinali nazo, musadabwe kuchuluka. Mulipire fizi ya chaka chonse.

Njinga yanga mumupatse mnyamata, ikhale yake. Zida zanga zomangira atenge alamu, akhala akuzifuna kuyambira kale. Mapepala a malo ali m'chikwama chakuda pansi pa bedi, muwasunge inuyo, musapatse wachibale wanga aliyense ngakhale atabwera ndi mawu okoma.

Kachitsiriza kathu musamakakalipire kakanyowetsa pogona. Kasiya kokha.

Mwandisunga bwino zaka zonsezi. Sindinkanena, koma ndinkaona.

Ndine mwamuna wanu.

18 Ogasiti

Amake ana,

Moni. Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa zimene kalata ija inakuchitani. Mukamaimba foni ndinkaiona ikulira, sindinkatha kuyankha. Adalaivala andiuza kuti munawadikira pamsewu n'kuwagwira malaya kuti akubweretseni kuno. Pepani.

Ndikuuzani mmene zinakhalira, poti adokotala akuti ndisamabise kwa inu.

Kuyambira pa maliro paja, zonse za pa khadi zinasanduka zanga. Sindinkafunikanso kuloweza. Chakudya chinkakhala m'kamwa ngati utuchi. M'mawa ndinkakhala pa bedi, nsapato imodzi m'manja, osadziwa kuti ndiivaliranji. Mutu unkandiuza kuti ndine munthu wosaika bambo ake m'manda, wosalera ana ake, wongotumiza maenvelopu, ndipo envelopu angatumize wina aliyense.

Tsiku la mayeso ndinapita poti ndinalonjeza. Ndinati ndimalize za anthu kaye. Ophunzira analowa, ndinayankha monga mwa masiku onse, anatuluka. Kenako analowa Achifatse, nesi wachikulire uja. Anafunsa za tulo, za chakudya, za mapiritsi. Atafika pa funso lija sanayang'ane pa pepala. Anandiyang'ana ineyo, n'kudikira.

Mawu a pa khadi ndinkawadziwa. Anangokana kutuluka. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ana ali ndi mayi awo. Akula bwino."

Kenako anafunsa kuti, "Mwakonza kale mmene mudzachitire?"

Ndinati, "Ee."

Anaika cholembera pa tebulo, n'kutembenuza pepala la mayeso chadodolido. Anati, "Bambo, lamba wanuyo mwaboola mabowo atsopano. Ndakhala ndikukuonani mu kolido. Tsopano ndikufunsa inuyo amene mumandiuza kuti ndikweze mapazi, osati a pa khadi. Mwakonza kale?"

Amake ana, bokosi la tishu lija lakhala pa tebulo kuyambira Malichi, ndinkaliyesa chokongoletsera. Ndinalira ngati mwana. Ndinawauza za abambo, za pawindo pa ofesi ya zitupa, za kalata imene ndinakulemberani. Achifatse ananyamuka kuti akagogode pa galasi, koma Aphunzitsi anali atafika kale pakhomo, poti iwo khadi amalidziwa ndipo anamva kuti ndalisiya. Anaimitsa mayeso, ophunzira onse anawabweza. Anakhala pa mpando pafupi nane, nkhope itagwa.

"Tsiku lija ndinakuyamikirani," anatero. "Ndikanakufunsani."

Ndinati, "Mukanafunsa ndikanakunamizani, mayi. Munandilembera zomwezo."

Anandiperekeza onse awiri kudutsa pa geti laling'ono lolowera kuchipatala, limene ndimatayirapo madzi okolopera. Ndinagonekedwa masiku angapo. Nesi wina anapita nane kuchipinda kwanga, ndipo zimene ndinkasunga m'sutikesi ndinapereka. Musandifunse zambiri pamenepa.

Mu wodi si mmene anthu amanenera. Muli mabedi, makatani obiriwira, wailesi yakanema yosamveka mawu, ndi anthu otopa. Wa bedi loyandikana nane anali mphunzitsi wa sekondale.

Pano ndatuluka. Andipatsa mapiritsi, kamodzi m'mawa. Amene anandifotokozera kamwedwe kake ndi mmodzi wa ophunzira a chaka chatha. Anayamba kundiuza kuti amatenga milungu, ine n'kumumalizira mawu. Tinaseka pang'ono.

Ana musawauze zonse. Muwauze kuti abambo awo anadwala, akumwa mankhwala.

Ndine mwamuna wanu.

27 Seputembala

Amake ana,

Moni kwa inu, ana ndi apongozi. Ine ndikuyesera.

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Mwandikalipira, ndipo mwachita bwino. Zoti njinga mwailanda kwa mnyamata n'kuikhomera m'nyumba kuti ndidzakwere ndekha, ndamva. Koma muzimulola apite nayo kuchigayo.

Mankhwalawa, kunena pa khadi n'kosavuta. Nseru imene ndinkaitchula mongoloweza ija, ndaidziwa tsopano. Milungu yoyamba m'kamwa munkauma ngati ndadya choko, ndikawerama kufinya mopu kolido yonse inkazungulira, ndipo mumtima osasintha kanthu. Tsiku lina ndinaima ndi bokosi lake pa bini. Ndinakumbuka kuti ineyo ndakhala pa mpando miyezi yonseyi kumva anthu akuphunzitsidwa kundiletsa zimenezi. Ndinabwerera nalo kwa nesi. Anati ndizimwa nditadya, ndipo tidikire kaye tisanasinthe mlingo. Nseru inachepa.

Dzana ndinamva njala. Njala yeniyeni, ya m'mimba. Ndinagula malalanje pa siteji n'kudya onse ndili chiimire. Ndinafuna kuuza munthu, ndiye ndikuuza inu.

Zimene akunena apongozi ndi alamu, zoti wina anandichita chipongwe ndipo mapiritsi a kuchipatala cha amisala ndi amene amapengetsa munthu, musakangane nawo. Amandifunira zabwino. Mapemphero apitirize, ndikuwafuna. Koma mapiritsi sindisiya. Ndipo alamu muwauze kuti zida zija ndinapereka ndikudwala, azibweze.

Za makhadi anandichotsa. Aphunzitsi akuti sangandibwezere pa mpando uja, ndipo tsopano aliyense wochita ngati wodwala amayamba wacheza nawo kaye ndipo akamaliza amachezanso. Ndatsala ndi mopu basi, ndiye zimene ndizitumiza zichepa. Ndapeza munthu wogona pa bedi la wophika buledi uja, mlonda wa pa sitolo ina. Salankhula kwambiri, koma m'chipinda mukumveka munthu.

Achifatse mayeso sanakhoze. Abwereza chigawo chonse. Nditamva ndinawasaka, ndinawapeza pa benchi yawo ija. Ndinati, "Mayi, ndakulepheretsani ndine."

Anati, "Musadzitame, bambo. Za m'kachipinda muja anandipatsa malikisi onse. Andigwetsa ndi masamu."

Agula kakyuleta tsopano, koma amayamba awerengera pa zala kenako n'kufunsa kakyuletayo ngati ikuvomereza.

Feteleza mugule msanga asanakwere, ngakhale thumba limodzi.

Ndine mwamuna wanu.

30 Novembala

Amake ana,

Moni nonse. Ndikhulupirira mwadzala. Ine ndili bwinoko. Masiku ena amabwerabe olemera, koma ndimawadziwa akamabwera, ndipo ndimadziwa khomo loti ndigogode.

Chitupa chatuluka. Munthu wa pawindo yemwe uja anandipatsa akumwetulira, sanandikumbuke n'komwe. Ndinachiyang'ana, kapepala kochepa ngati chikhatho, ndipo ndinakwiya kwambiri. Adokotala akuti kukwiyako si koipa.

Ndapempha tchuthi cha mwezi umodzi, andilola. Ndinyamuka ndi adalaivala a thiraki sabata yachiwiri ya Disembala. Mankhwala andipatsa okwanira ulendo wonse, ndi kalata yokaonetsa kuchipatala cha kwathuko. M'envelopumu ndaikamo bokosi lopanda kanthu. Mupite nalo kuchipatala mukafunse ngati amakhala nawo amenewa, ndipo ngati amasowa, amasowa nthawi yaitali bwanji. Yankho lawo ndi limene litiuze ngati ndingabwerere kudzakhala, kapena ndipirire kuno chaka china. Tikakambirana ndikafika, awiri, popanda alamu.

Aphunzitsi anandipempha kuti ndikalankhule kwa kalasi yatsopano, popanda khadi, ngati ine mwini. Ndinakana. Ndinati ndatopa kuonereredwa. Sanandikakamize. Anangofunsa ngati pali choti akawauze m'malo mwanga. Ndinati akawauze kuti nseru ija asamaitchule ngati akuwerenga mitengo ya mu sitolo, chifukwa munthu amasiyira mankhwala pomwepo. Analemba.

Ana ndawagulira zochepa, musawalonjeze zambiri. Mudzandiona ndasintha, ndanenepa kumaso koma imvi zachuluka.

Tsiku lofikalo musaitane anthu, musaphe nkhuku. Ndikangotula chikwama mundiperekeze kumanda, inu ndi ana, mukandionetse pamene munawaika abambo. Sindikudziwa kuti ndikanena chiyani kumeneko. Ndikakayamba kulira musawathamangitse anawo, akhale pomwepo.

Ndine mwamuna wanu, bambo a ana anu.